Alendo a M'galasi

Ndinabwera nato pa minibasi ziwiri,
Limbe mpaka m'tauni, m'tauni mpaka Chilomoni,
tinsomba tisanu ndi tiwiri m'jumbo yomanga ndi mphira.
Kondakitala anafunsa ngati nato tilipira.
Sindinaseke. Pa bampu iliyonse
madzi ankagunda m'manja mwanga ngati mtima wobwereka.

A Jailosi, amene amatigulitsa kuseri kwa msika,
anandilangiza akuwerenga chenji:
"Lero osatipatsa kanthu.
Madzi a pampopi agone kaye m'ndowa, mankhwala atuluke.
Ndipo inu, musamatiyang'anitsitse.
Mlendo sadya maso ali pa iye."

Tsiku lachiwiri ndinanyenya chakudya cha m'kabotolo
mpaka chinasanduka fumbi pa chala.
Fumbi linayandama, linanyowa, linamira.
Ito tili phee kuseri kwa mwala,
timaso tokhatokha,
timimba toonekera mkati ngati pepala la shuga lopanda shuga.

Tsiku lachitatu chiperoni chinatsika ku Michiru,
magetsi anathima cham'ma folo,
kapampu kanaleka kupuma.
Ndinafunditsa galasi bulangeti langa,
ndikuyandamitsamo botolo la madzi ofunda.
Ndinayesa yolki ya dzira pa nsonga ya machesi.
Madzi anachita mbuu, basi.
Ndinatapa zotsala ndi kapaipi, ndikuchita manyazi
ngati wophika amene mbale zake zabwerera zodzaza.

M'mawa kamodzi kanali chagada.
Ndinakavuula ndi sefa ya tiyi.
Kanalibe kulemera kulikonse,
koma dzanja linandilemera mpaka pa dzala.

Zonsezi Mtisunge ankaziona ali pakhomo la kuchipinda.
Mwana wa mlongo wanga ameneyu,
anabwera kuchokera ku Neno maliro atatha,
zovala zake m'jumbo, nayonso yomanga ndi mphira.
Masabata atatu tsopano
mawu ake ndi "eya" ndi "ayi",
buledi amangomutsina m'mphepete,
tiyi amazizira akumuyang'ana.
Ndinagula tinsombati kuti mwina aseke.
Taonani, ndangochulukitsa osadya m'nyumba.

Lachinayi ndikuchokera kuntchito
ndinamupeza atanjuta kuseri kwa bafa,
pa tayala lakale lija losunga madzi a mvula,
chitini cha majarini m'manja.
M'chitinimo timphutsi ta udzudzu, pirikupiriku.
"Amalume," anatero, osandiyang'ana,
"za ku mtsinje kwathu zimadya izi.
Chakufa sizichidziwa. Zimafuna choyenda."

Mawu khumi ndi limodzi. Ndinawerenga.

Tinatsuka timphutsito m'sefa yomwe ija.
Iye anazimitsa getsi la pabalaza,
anaphimba galasi ndi chitenje cha mayi ake,
kusiya kampata ka zala ziwiri.
Tinagona chafufumimba pa simenti yozizira
ngati akuba m'nyumba yathu yomwe.

Kuona maso a nkhono, amatero.
Koma nkhono ilibe njala ya masiku anayi.

Kamphutsi kanavina pakati pa madzi.
Palibe.
Galu wa a neba anauwa, minibasi inaliza hutala ku siteji.
Palibe.
Kenaka kaja kochepetsetsa, ka mchira wong'ambika,
kamene ndinkati ndiko katsatire mnzake ku dzala,
kanatuluka, kanaima, kanabwerera,
kanatulukanso.
Jompho! Kanalavula.
Jomphonso. Ulendo uno sikanabweze.

Tina tiwiri tinatsatira. Totsala tinakhalabe ku mwala,
mwina mawa, mwina ayi.

Pambali panga ndinamva mbale ikukhulika pansi,
ija ya mbatata yowiritsa ndinaisiya m'mawa.
Ndinamva khungu la mbatata likusendedwa,
ndinamva kutafuna, pang'onopang'ono, mumdima.

Khosi linafuna kutembenuka.
Ndinaliletsa.
Maso anga ndinawasiya pa kampata ka chitenje,
pa kamimba kakang'ono kamene kayamba kuda mkati,
ndikupuma mosamveka
mpaka mbale inalira yopanda kanthu.